Nyali ya m'jeleira ya azakhali

Sukulu ndinasiyira kalasi ya naini. Palibe chachikulu chinachitika, ndinangoleka kupita. Chaka chotsatira ndinakhala ku Cuamba kwa bambo wina wokonza mawailesi ndi mafani. Ndinkasesa, kulumikiza mawaya ndi kudya zotsala. Atatseka shopu yake, ndinabwerera ku Ngauma ndi kamita koyezera magetsi kong'aluka galasi. Kwathu kulibe magetsi, ndiye kamitako kankangokhala pansi pa mphasa.

Bambo anga anati nazale ya fodya ikusowa wothirira. Mayi anandipemphera kwa bambo sabata imodzi: ndipite ku Mandimba kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene ali ndi bala ya mowa pafupi ndi pokwerera maminibasi amene timati chapa. Akaona kuti ndili ndi luso, andisunge ndizikonza zinthu m'tauni. Akapanda kuona, ndibwerere ku ndowa.

Azakhali anali ndi jeleira, kapena kuti firiji, ya vinyo, yachitseko chagalasi, yogula kwa mwini hotela wina ku Cuamba. Vinyo munali mabotolo asanu okha pamwamba, mashelefu enawo anali a mowa. Nyali ya m'kati inali itazima masabata awiri. Anthu ankasuzumira pagalasi, n'kuona mdima, n'kunena kuti jeleira yafa, mowa ndi wofunda. Ankapita bala yoyandikana nayo.

"Injiniya wa ku Cuamba, wafika?" anatero azakhali. "Nayo ntchito. Iyake Loweruka lisanafike, kukubwera anthu a ukwati."

"Imaziziritsa koma?"

"Gwira wekha. Kapena ku Cuamba sanakuphunzitse kugwira botolo?"

Botolo linali lozizira. Kumbuyo injini inkalira bwinobwino. Choncho magetsi ankafika, vuto linali la nyali yokha.

Tsiku loyamba ndinatulutsa mabotolo onse, n'kumasula maparafuzo, timisomali topotokola tomangira kachivindikiro ka pamwamba. Munalibe babu. Munali kachingwe ka tinyali ting'onoting'ono. Ndinakachotsa, n'kukayesa pa batire la njinga yamoto ya mnyamata wina wa takisi. Kanayaka konse. Ndinakabwezeramo, mdima.

Tsiku lachiwiri ndinafufuza kabatani ka pachitseko, kamene kamazimitsa nyali mukatseka, monga m'majeleira a m'nyumba. Ndinakafuna m'mbali zonse. Jeleira imeneyo inalibe. Ndinayeza mawaya opita ku tinyali, kamita kanangoti zii. Ndinawatsatira mmodzimmodzi kuona ngati makoswe adya. Onse anali osaduka.

"Mowa wanga ukufunda pansi apa," anatero azakhali. "Achimwene anandiuza kuti ndiwe waulesi, za kuchedwa sanandiuze."

Sindinkamva chilichonse. M'maganizo ndinkangoona nazale, mabedi aataliatali aja, ndi njira ya kudambo.

Tsiku lachitatu ndinakhala pa kireti n'kumangoyang'ana jeleirayo. Pamwamba pa chitseko panali mzere wa mabatani anayi. Sindinawalabadire masiku onsewo chifukwa anali okutidwa ndi pulasitiki, womatidwa kangapo konse ndi fitakola, selotepi yomatira ija. Kwathu kuno chinthu chodula sichikhala pamtunda. Rimoti ya azakhali inali m'pulasitiki, mipando ya pabalaza m'pulasitiki, ngakhale chishalo cha njinga. Maso anga anazolowera, sanaone chachilendo.

"Azakhali, munamata liti apa?"

"Pamene fumbi linayamba. Komanso zidakwa zimakonda kudinadina. Usakhudze pamenepo."

"Nyali inazima liti?"

"Ndati usakhudze."

Ndinamatula. Fitakolayo anaikoka mwamphamvu moti inali itapanikiza batani limodzi m'kati, osabwereranso. Batani lina lililonse silikanamvera pamene linzake lili chodinidwa. Magetsi atathima tsiku lina n'kuyakanso, nyali inafuna munthu woidina, koma panalibe podina. Ndinatukula batani lija ndi chikhadabo, n'kudina lojambulidwa kanyali. M'jeleira monse munawala buluu.

Azakhali anayang'ana nyaliyo, kenako ine.

"Basi?"

"Basi."

"Masiku atatu, nsomba zanga za ku Amaramba ukudya, kuti umatule pepala? Izi ngakhale mdzukulu wanga akanachita."

"Sanachite."

"Pakamwa ndiye uli napo. Ine ndimafuna munthu wodziwa kukonza, osati womatula."

Ndikanatha kunama. Ndikanati waya unapsa, ndinalumikiza m'kati, akanandilemekeza. Bambo wa mawailesi uja wa ku Cuamba ankatero tsiku lililonse, ankasunga wailesi masiku anayi chifukwa cha fyuzi. Ine ndinamatula pamaso pawo, masana, iwo ataima pomwepo.

Lachisanu anandipatsa botolo la mafuta ophikira loti ndikapatse mayi, n'kundikweza chapa. Mmene ndinkatuluka, anali akudula pulasitiki watsopano ndi sizasi. Ndinawauza kuti asakoke kwambiri fitakola. Anati ndisawaphunzitse kusamala katundu wawo.

Bambo sanandifunse kalikonse. Anandilozera ndowa ziwiri, imodzi yodontha. Mayi analandira mafutawo, n'kundiyang'ana pang'ono, n'kulowa m'nyumba.

Patapita masabata atatu azakhali anaimbira bambo foni kuti nyali yazimanso, mwana wanu uja anangopaka phula. Bambo anandiuza ndili pakati pa bedi lachitatu. Ndinati ndamva. Madzi anali atatha m'ndowa, ndinatsikira kudambo kukatunga ena.