Mchenga wa M'thanki Unanditayitsa Mkazi

Inu owerenga, ine ndinataya mkazi chifukwa cha mchenga wosadzaza ngakhale chikhatho. Ndikudziwa kuti zikumveka ngati nthabwala, koma ndimvereni, makamaka inu amene muli ndi njinga yamoto ndipo mumaidalira ngati m'bale wanu.

Zinachitika nthawi ya Apwitikizi, Ulongwe akutchedwabe Vila Kutinyu. Ndinali nditangobwera kuchokera ku Halale, kumene ndinkagwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo ndinakwatira Rozina, mtsikana amene anaphunzira pa shikola ya apadiri, kapena kuti sukulu ya ansembe. Tinkakhala kwawo, m'mudzi wina kuseri kwa phiri la Domwe. Ndi thukuta la ku Halale lija ndinagula njinga yamoto yakale, imene kuno timangoti mota, kwa bambo wina wa loja, ndiye kuti sitolo, ku Ulongwe. Ndisakubisireni, ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Mkamwini amene dzulo lake ankangotumidwa kukamata nkhokwe, tsopano ankapatsidwa mpando.

Dzinja litafika misewu inasanduka phala, komanso gazolina ankapezeka ku Ulongwe kokha. Mota ija ndinaikankhira m'kanyumba kosungiramo mbatata, thanki ilibe ndi dontho lomwe. Palibe anandiuza kuti thanki yopanda mafuta imachita thukuta m'kati, ndiye inu mukuidziwa nkhungu ya kumtunda kuno. Pofika nthawi yokolola, nditatsegula chivindikiro, ndinapeza dzimbiri lofiira ngati katondo.

Rozina anali ndi pakati pake poyamba, patatsala pang'ono. Anandipeza nditakhumata pakhonde, thanki ili pamiyendo.

"Mwazunguzika chiyani ngati mwafedwa, amuna anga? Dzimbiri layamba lero? Ife la pa mipeni ndi mapoto achitsulo timangokwecha ndi mchenga ndi ndimu, basi."

Ndinaona kuti ndi nzeru, ndipo mpaka lero sindimuimba mlandu. Anabweretsa mchenga wosalala wa kumtsinje umene ankatsukira ziwiya, tinafinyiramo mandimu, n'kuthiramo madzi. Thankiyo tinaimangirira ndi chingwe pa nthambi ya mtengo wa pichesi, ine uku iye uko, n'kumakankhirana. Ankaseka mpaka kugwira mimba, akuti tayamba kale kuphunzira kugwedeza mwana kuti agone. Madzi oyamba anatuluka ofiira, otsatira akuyera pang'onopang'ono. Ndinatsukuluza mobwerezabwereza, ndinaiyanika padzuwa, ndipo nditasuzumira m'katimo chitsulo chinkawala. Ndinathira gazolina wa m'botolo amene ndinapempha kwa mnzanga, ndinazungulira pabwalo kangapo, mota ikulira bwinobwino. Chimene sindinadziwe n'chakuti pansi pa thanki pali timipata ta m'mphepete, mmene zitsulo zinalumikizirana. Mchenga ukalowa mmenemo sutuluka ndi madzi. Umadikira mabampu a msewu wautali.

Tsiku loti Rozina abereke linafika. Amayi akuluakulu anali atadzitsekera naye m'nyumba kuyambira dzulo lake, ife amuna tili kutali monga mwa mwambo. Mmawa apongozi anga aakazi anatuluka, anaima chapatali atandifulatira, n'kutuma mawu kudzera mwa mchimwene wawo, amalume ake a Rozina, kuti mwana wapingasa, zalephereka. Amalumewo sanachedwe. Anaitana anthu, anadula mitengo ya machila kuti amunyamule kupita naye kuchipatala ku Ulongwe.

Ine ndi amene ndinawaletsa.

"Musamuzunze ndi kumugwedeza m'njira, amalume. Ndikatenge anamwino pa mota, dzuwa lisanafike pamutu tikhala tafika."

Anandiyang'ana, anayang'ana mota, kenaka mitengo ija anaiika pansi.

Poyamba ndinathamanga ngati mphepo. Koma nditatsika chitunda n'kulowa m'dambo lina lalikulu, pamene msewu uli ndi maenje a ngolo, mota inatsokomola, inagwedezeka, n'kuzima. Ndinachotsa kapaipi kotengera gazolina ku injini, ndinakaika pakamwa kuti ndiuzire. M'mano mwanga munalira kuti gerede. Abale anga, ndinaudziwa mchenga umenewo nthawi yomweyo.

Ndinauzira, ndinapukuta ndi malaya, ndinaponda, mota inalira. Ndinayenda kamtunda kochepa, inazimanso. Apa ndiye panali msampha, inu owerenga. Ikanafa kamodzi kokha, ndikanaitaya n'kuthamanga wapansi nthawi ikanalipo. Koma inkadzuka nthawi iliyonse, n'kundipatsa chiyembekezo, kenaka n'kufanso patsogolo pang'ono. Ndinkati ulendo uno wokha mchenga watha. Sunathe. Milomo inatupa ndi gazolina, timaboti tinkandigwera m'fumbi. Ndinapemphera mapemphero onse amene Rozina anandiphunzitsa, ndinaitukwana mota ija, ndinaipepesanso ngati munthu. Mumsewu monse munalibe galimoto. Munangodutsa amayi osenza nkhuni amene anaima n'kumandimvera chisoni, koma akanandichitira chiyani?

Pamene ndinkaigwetsera m'ngalande n'kuyamba kuthamanga, dzuwa linali litapendeka kale. Ndinafika ku Ulongwe mapazi akutuluka magazi. Anamwino sanazengereze ngakhale pang'ono, anatenga chikwama chawo, ndipo munthu wina wogula mbatata anatikweza pa lole yake.

Sitinafike kumudzi. Pa dambo lomwe lija tinaona anthu atakhala pansi m'mbali mwa msewu, amuna atavula zipewa, amayi akulira. Machila anali atatulidwa pansi pa mtengo, atafunditsidwa nsalu mpaka kumutu. Anali atandidikira mpaka kutaya mtima, n'kunyamuka masana, ndipo Rozina anatsirizikira m'njira, mwana ali m'mimba. Mota yanga inali gone m'ngalande, pafupi pomwepo.

Ndinkayembekeza kuti amalume aja andimenya, ndipo ndikanakonda akanatero. Iwo anangoti, "Tinkangotchera khutu kuti timva mota, akamwini. Nayenso ankafunsa ngati yamveka."

Sindidziwa ngati akanapulumuka akananyamuka mmawa uja. Anamwino sanandilonjeze zimenezo, komanso sananditsutse. Funso limeneli ndakalamba nalo, ndipo palibe munthu amene angandiyankhe.

Ndiye inu owerenga, ndikukupemphani. Mota ikamakhala nthawi ya mvula, thanki ikhale yodzaza, musaisiye yopanda kanthu. Dzimbiri likalowa, mchenga musauyandikize n'komwe. Ikanimo maboti kapena timiyala tolimba timene mungatitulutse tonse ndi kutiona ndi maso, gwedezani, tsukuluzani ndi parafini, ndipo muiumitse padzuwa, osati pamoto. Mukamaliza musakhutire ndi kuzungulira pabwalo ngati ine. Iyeseni pa msewu woipa, ulendo wautali, tsiku limene palibe akukudikirani. Koposa zonse, munthu akadwala ndipo anthu anyamula kale mitengo ya machila, alekeni anyamuke. Inu thamangani ndi mota yanuyo, mukakumana nawo m'njira.

Mota ija sindinaikwerenso. Ndinaipereka kwa ena, koma thanki ndinatsala nayo, ili kudenga m'kati mwa nyumba yanga. Nthawi zina ndimaitsitsa n'kuigwedeza pafupi ndi khutu. Mchenga wa Rozina umalirabe m'katimo.