Kambewa ka a Zalakhumi

Pa ofesi ya kampani yogulitsa mapaipi panali bambo wotayipa makalata amene aliyense ankangowatchula kuti a Zalakhumi. Anali atagwira ntchitoyi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo chowanyaditsa chinali chakuti potayipa sankayang'ana makina. Maso ankakhala papepala la abwana, khosi atalipendeketsa ngati nkhuku yoona kabawi. "Wotayipa woyang'ana makina ndi mlendo pantchito," ankatero, ngakhale popanda wowafunsa.

Makompyuta atabwera sanatekeseke, poti mabatani anali omwe aja. Chinawasowetsa mtendere ndi mausi, kachipangizo ka chingwe kosunthira kamuvi pasikirini. Iwo ankaitchula kuti kambewa, ndipo akafuna kukasuntha ankakanyamula kumchira ndi zala ziwiri. Ntchito yonse itasamukira pa intaneti, komwe chilichonse chimafuna kudina apa ndi apo, anayamba kulalikira kuti munthu wamkulu sangamawete mbewa patebulo. Anzawo ankaseka. Koma zoona zake n'zakuti dzanja lawo lamanja linali litayamba kunjenjemera. Pamabatani linkakhazikika bwinobwino, chifukwa zala zinkadziwa kwawo. Likangogwira kambewa, kamuvi ka pasikirini kankavina paliponse. Ankaopa kwambiri kuti abwana akadzaona adzawauza kuti akapume, ndipo kunyumba analibe chochita china kupatula kutsutsana ndi wailesi.

Chinsinsichi ankachidziwa ndi mwana wawo wamkazi yekha, yemwe anali namwino. Tsiku lina masana anafika ku ofesiko n'kuwaikira kapulogalamu kowonjezera mu burawuza, pulogalamu ija yotsegulira masamba a pa intaneti.

"Ababa, kambewako kaiwaleni," anatero. "Mukafuna chinthu muzingolemba lamulo. Batani ili n'lotsegulira tsamba, ili n'lotsekera, ili n'lotumizira. Koma chonde, musanayambe kalata muziyang'ana kaye ngati muli m'malo olembera. Mukakhala kunja kwake, chilembo chilichonse chimasanduka lamulo."

"Iwe, ndinayamba kutayipa usanabadwe," anayankha a Zalakhumi. "Lero undiphunzitse kuyang'ana?"

Kuyambira tsikulo bambo aja anasanduka mfumu. Akangogogoda, tsamba latseguka. Akagogodanso, latsekeka, osawiringula n'komwe. Kambewa anakatsekera m'dirowa ndi kiyi, moti mayi wosesa mu ofesimo, pokamvera chisoni, ankakalowetsera nyenyeswa za buledi pamng'alu. Ulamuliro unawakomera mpaka anapita nawo kunyumba. Akafuna madzi akumwa ankangogogoda patebulo ndi zala, n'kumadikira.

"Ine si intaneti yanu," anatero akazi awo. "Pakamwa mwasiya kuntchito?"

Lolemba lina abwana, mayi wosakonda zocheza, anawapatsa kalata ya masamba anayi yopita kwa kasitomala wamkulu. A Zalakhumi anaika pepala kumanzere, anapendeketsa khosi, zala n'kuyamba ulendo. Sanayang'ane, ndipo sanali m'malo olembera.

Kapulogalamu kaja kanali komvera kwambiri. Chilembo chilichonse kankachilandira ngati lamulo la mfumu. Ndime yoyamba inatsegula masamba a pa intaneti makumi asanu ndi limodzi. Yachiwiri inatumizira makasitomala onse chithunzi cha bakha. Pofika tsamba lachitatu, makina osindikizira anali akulavula malangizo a kaweteredwe ka akalulu, ndipo abwana anali atalembetsedwa maphunziro osambira a Loweruka lililonse. Mafoni ankalira mbali zonse, anthu akufunsa kuti bakhayo akutanthauza chiyani pa nkhani ya mapaipi. Mwini zonsezi ankangoimba kanyimbo ka m'mphuno, zala zikuthamanga, mpaka anafika pa mawu otsiriza n'kugogoda kadontho mwaulemu. Kadonthoko kanatseka zonse.

Abwana anatulukira atanyamula mulu wa mapepala a akalulu, ogwira ntchito onse ali pambuyo pawo.

"Achikulire, kapulogalamu kanuko kachoke lero. Tulutsani mausi, muzigwira ntchito ngati anzanu."

A Zalakhumi anatsegula dirowa pang'onopang'ono. Anakasasa nyenyeswa kambewa kaja, analumikiza chingwe chake, n'kukhazikapo dzanja lamanja.

"Dinani apo pakona," anatero abwana.

Kamuvi kananyamuka, kanakhotera kumanzere, kanakwera, kanagwa, kenako kanayamba kungonjenjemera pakati pa sikirini. Anayesa kugwira mkono ndi dzanja linalo, koma sizinathandize. Amene ankaseka aja analeka. Manyazi anawagwira bambowa moti analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe, ndipo mumtima anali atayamba kale kutsanzikana ndi mpando wawo.

Abwana sankayang'ananso sikirini. Ankayang'ana dzanjalo. Patapita kanthawi anawerama, anazula chingwe, anabwezera kambewa m'dirowa, anakhoma, kiyi n'kuponya m'chikwama chawo.

"Kambewa aka kadwala," anatero mokweza kuti aliyense amve. "Simukuona mmene kakunjenjemerera? Kasiyeni kagone. Nonse bwererani kuntchito, wina akapepese makasitomala za bakha uja." Kenako anatsitsa mawu. "Koma inu achikulire, muziyang'ana. Kamodzi kokha, musanayambe."

Kunena zoona, chilango chimenechi chinawapweteka kuposa kukalipiridwa. Zaka makumi atatu ndi chimodzi si masewera. Abwana nawo sanapulumuke, chifukwa panalibe amene anadziwa kafufutidwe ka dzina lawo ku maphunziro aja, ndipo mpaka lero akuti amasambira bwino ndithu.

M'mawa mwake a Zalakhumi anafika anzawo asanabwere, kuti pasakhale mboni. Anaika kalata ija kumanzere, anapuma mozama, n'kuwongola khosi. Anali m'malo olembera. Anatayipa mzere woyamba maso ali pasikirini, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona ntchito ya manja awo ikubadwa. Zilembo zinkatuluka zowongoka, mwandondomeko, popanda ngakhale chimodzi chonjenjemera. Anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene abwana analamulira.