Mandala Osalira

Ndikukumbukira kuti bambo anga sankagula chinthu asanachigogode. Khasu pamsika wa ku Ulongwe ankalinyamula m'mwamba, n'kulimenya ndi chikhadabo, kenako n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Likalira kuti ngwee, ankaligula. Likangoti phu, ankalibweza pansi mwaulemu n'kupita patsogolo. Mbiya, mbale, belu la njinga, zonse zinkayamba zayankha mafunso a chikhadabo chimenecho. Amayi ankati mwina nawonso anagogodedwa pamutu asanakwatiwe, kungoti sanamve.

Ine ndinakula ndi diso limodzi. Lakumanzere linafa ndi chikuku tili ku Malawi, nthawi imene tinathawa nkhondo, ndipo pobwerera kwathu kufupi ndi Fonte Boa linali litayera kale ngati mkaka. Lakumanja linatsala, koma nalo linali laulesi, linkangoona za pafupi. Kushikola ndinkakhala kutsogolo kwenikweni, fumbi la jizi, choko cholembera chija, likundigwera m'tsitsi, komabe zolembedwa pakwadulo, bolodi la kutsogolo lija, zinkangooneka mbuu. A pulofesoli amene ankatiphunzitsa, mayi wamtali dzina lawo a Selestina, ndiwo anayenda wapansi mpaka kwathu kukauza makolo anga kuti mwanayu si wogona m'mutu ayi, koma sakuona.

Titakumba mbatatesi chaka chimenecho, bambo anandikweza shapa, minibasi ya ku Tete. Tinanyamuka mame ali mbee, ine nditadzikulunga m'nsalu ya amayi, koma potsika mapiri kutentha kunatilandira mpaka nsaluyo inasanduka katundu. M'sitolo ya mandala munali bambo wina wa dazi amene anandiyeza diso, n'kuyala pansalu magalasi awiri ozungulira. Lina anati ndi galasi lenileni. Linalo anati ndi pulasitiki wolimba, wopepuka, wosasweka msanga, ndipo mwana wa diso limodzi akanakhala wawo akanamusankhira limeneli.

Bambo anatola loyamba n'kuligogoda. Linalira bwino zedi, kamawu kakang'ono koyera. Anatola lachiwiri. Linangoti phu.

"Achimwene, ine ndabwera kudzagula mandala a mwana wanga," anatero bambo akuseka, "osati chivundikiro cha chigubu."

Wogulitsayo anayesetsa kufotokoza, Chipwitikizi kusakaniza ndi Chinyungwe, koma khutu la bambo linali litaweruza kale mlandu. Sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Kwathu pulasitiki anali wa zidebe zong'aluka ndi nsapato zoduka zingwe, ndipo munthu amene ankandikonda chotero sakanalola kuti diso langa lotsalalo alitchinge ndi chinthu chosalira.

Tsiku limene ndinavala mandalawo sindidzaliiwala. Ndinadabwa kuona kuti mtengo wa bulugama uli ndi masamba, lililonse palokha, pamene ine ndinkayesa kuti ndi chimtambo chobiriwira. Ndinaona mbuzi kutsidya la dambo. Ndinaona kuti amayi ali ndi mphini ziwiri patsaya ndipo ndinawayang'anitsitsa mpaka anandithamangitsa kukhitchini. Mandalawo anali olemera, ankatsetsereka pamphuno, choncho bambo anawamangira kachingwe ka mphira ya njinga kuzungulira kunkhongo. Anzanga anayamba kunditcha a dotolo, ine osadandaula konse, chifukwa tsopano ndinkatha kuona amene akundinenayo.

Chimene mtima wanga unkalakalaka chinali fulaye. Atsikana awiri ankaima uku ndi uku akuponyerana mpira, wina ali pakati akuzinda, uku akuthira mchenga m'botolo kuti lidzaze asanamulase. Kale ine ndinali wongotola mpira ukapita kutchire. Amayi anakana ndithu, ati wa diso limodzi sasewera ndi mchenga. Koma bambo anandiikira kumbuyo.

"Musiyeni mwana asewere, aNangozo. Mandala amenewa ndi olimba, simunamve kulira kwake?"

Mpira wathu unali wa mapepala apulasitiki omanga ndi luzi. Koma mphepo ya mwezi wa Juni kuno kumapiri siichita manyazi, inkaulanda mpirawo m'malere n'kukautaya m'munda mwa eni. Ndiye tinkaika kambatatesi kakakulu ngati dzira pakati pake kuti uziyenda molunjika. Palibe ankaona choipa, mbatatesi kwathu ndi yosasowa.

Tsiku limenelo botolo langa linali pafupi kudzaza. Ndinawerama kuti nditape mchenga womaliza, ndipo Ineshi, mtsikana wa dzanja lamphamvu kuposa anyamata, anaponya kuchokera kumanzere, mbali imene ine sindiona. Sindinamve kuwawa poyamba. Ndinamva kulira kuja, ngwee, pafupi penipeni ndi khutu, kenako chinthu chofunda chikuyenderera patsaya. Ndinatsinzina maso onse awiri ndipo ndinakana kuwatsegula. Ndinkaopa kwambiri. Ndinkaganiza kuti ndikatsegula n'kupeza mdima, ndiye kuti masamba aja, mbuzi zija ndi mphini za amayi ndinangobwerekedwa kwa miyezi yochepa basi.

A Selestina anandikweza panjinga mpaka kuchipatala cha pafupi, Ineshi akuthamanga pambuyo akulira kuposa ine. Bambo anafika kuchokera kudimba matope ali m'miyendo, ndinawazindikira ndi fungo la fodya ndi dothi lonyowa. Namwino ankazula tizidutswa ta galasi pachikope ndi pansidze panga, n'kumatiponya m'kambale kachitsulo. Kalikonse kakagwa kankalira bwino lomwe, ndipo bambo anaima pomwepo akumva. Potsiriza namwinoyo anandigwira chibwano n'kundiuza kuti nditsegule lakumanja. Ndinatsegula pang'onopang'ono. Ndinaona chinthu chachitali cha mbuu chitagwira chipewa pamimba, ndipo ndinadziwa kuti ndi bambo anga. Sindinasangalalepo chotero poona zinthu za mbuu.

"Lasweka ndi la mbali ya diso lakufa," anatero namwino. "Likanakhala linali, bwenzi tikukamba zina."

Kunyumba amayi anangoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo analamula kuti za fulaye zatha, kushikola komwe ndiyambe ndapuma. Chilonda chitapola tinakweranso shapa, ndipo bambo atalowa m'sitolo muja anavula chipewa n'kunena kuti, "Mundipatse osalira aja." Wa dazi uja sanawaseke, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza chifukwa cha zimenezo.

Koma amayi sanakhulupirire. Ndiye bambo anatenga dzungu lalikulu, analikhazika pamtondo pakati pa bwalo, n'kuliveka mandala anga atsopano. Anabwerera m'mbuyo ndi mbatatesi m'manja, ana a m'mudzi atazungulira. Yoyamba anaphonya, inakagunda nkhokwe. Yachiwiri inalasa dzungulo pakati pa nkhope, mandala n'kuulukira m'fumbi. Amayi anawatola, anawapukuta ndi nsonga ya nsalu, anawayang'ana kudzuwa, ndipo anali amphumphu. Anaseka mpaka kukhala pansi, ati sanaonepo mwamuna wamkulu akumenyana ndi ndiwo. M'mawa mwake anandimangira okha kachingwe kunkhongo n'kundiuza kuti ndisachedwe kushikola, koma mbatatesi ituluke mumpira.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ana ovala mandala ndi ambiri ndipo palibe amawatcha a dotolo. Magalasi olimba aja ali ndi dzina, akuti polikarbonato, ndipo ogulitsa amayamba okha kufunsa ngati mwana amathamanga, kapena ngati munthu amaswa miyala, amawaza nkhuni. Amakandika ukamawapukuta ndi chilichonse, zimenezo n'zoona, koma kukandika ndi kusweka n'zosiyana kutali.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, Lusiya, anayamba kufinya maso poyang'ana pakwadulo. Agogo ake, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anaumirira kuti apite nafe ku Tete. Mtsikana wogulitsa atayala magalasi patebulo, ndinaona chikhadabo chija, chokhuthala ndi chachikasu tsopano, chikunyamuka. Galasilo linati phu.

"Pepani agogo, musagogode, mungalikande," anatero mtsikanayo.

Bambo anamwetulira. Anatambasula dzanja n'kundigwira pachipsera cha pansidze, ngati ndikadali kamwana kawo ka kushikola.

"Timpatse lomweli, mwanawe," anatero. "Olira ndinagulapo kale."