Chipinda cha Kuseri kwa Mochapira Zovala

Mabokosi asanu ndi limodzi a zida anali ounjikana m'bafa, ndipo a Clarrie Dunstan akafuna kusamba ankayamba akokera awiri panja ndi dzanja limodzi. Kwina koika kunalibe. Nyumba imene anapatsidwa pamudzi wa anthu okalamba ku Toowoomba inali ya chipinda chimodzi, kakhitchini, ndi khonde longokwana mpando.

Inu amene mukuona ngati zanu zatha, tamvani za bambo ameneyu.

Kwa zaka makumi asanu a Clarrie ankasoka zishalo za mahatchi ku Longreach. Oweta ng'ombe ankayenda tsiku lathunthu pagalimoto kudzawapeza m'shedi yawo ya malata. Kenako zonse zinagwa m'chaka chimodzi. Akazi awo anamwalira mu Epulo, mu Ogasiti sitiroko inawagwira, dzanja lamanzere n'kufooka. Mwana wawo Janelle anagulitsa nyumba ndi shedi yomwe, n'kuwabweretsa kufupi ndi kumene iye amakhala. A Clarrie anali ndi zaka 74.

Patatha masabata atatu anayala chikopa patebulo lodyera n'kuyamba kuboola ndi nyundo. Asanamenye kakhumi, wina anagunda khoma. Anali mayi Merle Haddrick a nyumba yoyandikana, namwino wopuma ntchito, munthu wosabisa mawu. Mawa lake kunabwera kalata yochokera ku ofesi: m'nyumba simuloledwa nyundo kapena guluu wonunkha.

A Clarrie anapita ku komiti ya anthu okhala pamudzipo katatu. Atapempha kangodya ka m'holo, anawauza kuti holo ndi ya masewera a bingo ndi mapemphero. Atapempha galaja, anati ndi yodzaza njinga zamagetsi za oyenda movutikira. Atapempha kumanga kashedi kumunda wa maluwa, anawawerengera malamulo opewera ngozi za moto. Wapampando anawagwira paphewa n'kunena kuti, "Achikulire, tonse pano tinasiya china chake pageti. Ine ndinasiya boti. Phunzirani kusewera makhadi."

Janelle anaimba foni kuti wapeza munthu wa ku Warwick wofuna kutenga zida zonse, ndipo angathe kubwera Loweruka.

"Abwere," anayankha a Clarrie.

Kuyambira tsikulo anasiya kupita kuchipinda chodyera. Makatani anakhala otseka, ndevu zinamera, chakudya chawo chinali tiyi ndi buledi wowotcha. Ankakhala pampando n'kumayang'ana dzanja lija ngati la munthu wina.

Lachinayi m'mawa mayi Merle anagogoda.

"Ndinadandaula phokoso, inde, koma zii wanuyu wanyanya. Ndimayesa mwafa."

"Ndikanafa mukanamva fungo."

"Valani nsapato."

Anawatengera kuseri kwa nyumba yochapiramo zovala, kumene kunali chitseko chachitsulo chomwe aliyense ankachilambalala. Kale, malowo ali chipatala cha okalamba, mitembo inkadikirira oika maliro m'chipindamo, ndipo mayi Merle anagwirapo ntchito kumeneko ali mtsikana. Munali tebulo lalitali lachitsulo, mpopi wa madzi, zenera limodzi, ndi njinga zowonongeka za olumala zounjikidwa pakona. Munkazizira.

"Makoma ake ndi ochindikala," anatero mayiwo. "Ndipo amene anagona muno palibe anadandaulapo."

Woyang'anira mudziwo anazengereza, koma pomaliza analola kuti chipindacho chikhale chosokeramo, malinga ngati ozimitsa moto avomereza ndipo a Clarrie akonza okha. A Clarrie ataimbira Janelle kuti munthu wa ku Warwick asabwere, mwanayo analira. Anawakumbutsa zimene dokotala ananena, zoti dzanja silidzabwereranso, ndipo anati sakufuna kuwaona akusweka mtima kachiwiri. A Clarrie anangoti zida zikhale.

Kukonza chipindacho kunatenga masabata asanu. Ankatulutsa chinthu chimodzi, n'kupuma, n'kutulutsa china. Kuchipinda chodyera anthu ankanong'onezana kuti a Clarrie akukonzeratu pogona pawo.

Tsiku loyamba kusoka linali lowawa kuposa onse. Msoko wa chishalo umafuna singano ziwiri, ina kudzanja ili, ina kudzanja linalo, zikumana pabowo limodzi. Anayesa pa lamba wamba. Dzanja lamanzere linkagwetsa singano, ulusi unkapotana, mzere unakhota ngati njira ya chiledzerere. Munthu amene kale ankabweza ophunzira ake chifukwa cha ntchito yabwino kuposa imeneyi anatenga mpeni n'kumudula lambayo pakati. Anayesanso mawa lake, ndi mkuja wake. Malamba anayi anathera m'chidebe cha zinyalala.

Mayi Merle anawapeza atatsamira tebulo, maso ali pansi.

"Bweretsani singano inayo," anatero. "Ndasoka zikopa za anthu amoyo zaka makumi anayi, eni ake akukuwa. Cha ng'ombe yakufa chingandikanike?"

Anakhala moyang'anizana, chikopa chopanidwa pakati pawo, uyu kulowetsa singano yake, uyo kubweza yake. Ankakangana pa chilichonse. A Clarrie ankati mayiwo amakoka ulusi ngati akumanga bala, mayi Merle ankati bambowa amalamula ngati dokotala wongotuluka kumene kusukulu. Lamba anatha patsiku lachisanu ndi chinayi, ndipo mzere wake unali wowongoka.

Ntchito inayamba kubwera yokha. Anakuta ndi chikopa chofewa zogwirira za ndodo zoyendera, anasoka malamba a agalu, anakonza zikwama zothothoka mikono. Anthu amene ankaopa chitseko chija anayamba kusuzumira, ena n'kukhala pansi. Chaka chotsatira mayi wina wophunzitsa ana kukwera mahatchi anabweretsa chishalo chakale chong'ambika, n'kufunsa ngati chingachire. A Clarrie anachisisita nthawi yaitali asanavomere.

Ntchito ya chishalocho ili pakati, mu Juni, chifuwa chinawagwira mayi Merle. Anapita nawo kuchipatala ndipo sanabwerenso.

A Clarrie anakhoma chipindacho. Masabata awiri kiyi anali m'thumba mwawo. Ankadzifunsa kuti phindu lake n'chiyani kuyambanso chinthu pamalo pamene anthu amachoka mmodzimmodzi chonchi.

Amene anawadzutsa anali a Vince Calabro, mmodzi mwa amene ankasuzumira aja, amene kale ankayendetsa mathiraki. Anaima pakhonde n'kuonetsa manja awo akuluakulu.

"Achimwene, kusoka sindidziwa, ngakhale batani. Koma zala zonse khumi zikugwira. Chishalo cha eni ake chija tichisiya choncho?"

A Vince anali ophunzira ovuta. Anadzibaya kambirimbiri, ndipo misoko ina ankaimasula katatu. Chishalo chinatha mu Okutobala. Sichinali chokongola ngati za ku Longreach, ndipo a Clarrie ankadziwa malo aliwonse pamene msoko unapendama. Koma mwini wake atachimanga pa hatchi, chinakhala bwinobwino, ndipo ana akukwerapo mpaka lero.

Dzanja lamanzere silinachire. Masiku ena a Clarrie amadzuka mtima uli wolemera, osafuna kuona munthu. Komabe Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse amatsegula chitseko chachitsulo, ndipo okalamba anayi amakhala mozungulira tebulo, aliyense ndi singano yake.

Mwina nanunso munataya malo anu, kapena mphamvu, kapena munthu amene ankakugwirirani mbali inayo. Sindikulonjezani kuti zidzabwerera. Koma musafulumire kugulitsa zida zanu. Gogodani kachinayi, landirani chipinda chimene ena akuchikana, ndipo wina akatambasula dzanja musachite manyazi kumupatsa singano. Mtima wokhawo musautaye.