Ndewu ya Nkhalamba pa Kamera Yanga

Ndinkajambula filimu ya mbiri ya western swing, nyimbo zovina za makauboyi a ku Texas. Ku Croydon, tauni ina ya kutsidya kwa nyanja, ndinakumanitsa azungu awiri okalamba omwe kale ankaimba nyimbozi mu bandi imodzi, a Derek ndi a Colin. Ndinangofunsa kuti anapasula bandiyo ndani. A Derek anakwapula mnzawoyo ndi ndodo pakamwa, mano oikirira n'kugwera pansi, magazi chuchuchu pamalaya. Ine m'malo moleretsa, ndinasendeza kamera pafupi.

Mwana wamkazi wa a Colin atandizazira, ndinati, "Kwathu mwana saleretsa ndewu ya akuluakulu." Linali bodza lamkunkhuniza.

Poonera filimuyo, mwana wa a Colin uja anamva mawu anga akunong'ona m'Chichewa: "Abwezereni agogo, pamphuno pomwepo."

"Pamenepa munkati chiyani?" anandifunsa.

Ndinati ndinkawapempherera.