Nsabwe Sizifunsa Kwanu

Lachiwiri lapitali, nthawi ya sukulu, ndinapeza Tadala ali pakhonde atavala duku. Ndi mwana wa neba wanga, mayi wochokera ku Mulanje amene amachapa zovala pa loji ina ku Makuzi. Ali mu Sitandade 4.

"Bwanji lero sunapite kusukulu?"

Mwanayo anangowerama. Anandiyankha ndi mayi ake. "Ndamumeta mpala, amake Wezi. Anzake akumunena kuti ndiye wabweretsa nsabwe m'kalasi. Akuti sapondakonso."

Kumjigo ndinapeza nkhani itafika kale. AnyaChirwa, omwe mdzukulu wawo amaphunzira limodzi ndi Tadala, ndiwo ankaitsogolera. "Nyinda izi zabwera ndi alendo. Ana athu amasamba kunyanja tsiku ndi tsiku, angazitenge kuti?"

Nyinda ndi dzina lake kuno kwathu. Pa Chichewa timati nsabwe, ndipo dzinali timalipatsanso tizilombo tofinya masamba a mpiru kudimba. Koma nsabwe zoyamwa magazi a munthu zili mitundu itatu, ndipo kusazisiyanitsa n'kumene kukutilakwitsa.

Za m'mutu zimakakamira kutsitsi n'kuikira mazira ake, aja timati mina. Siziuluka, sizidumpha. Zimangokwawa ana akagundanitsa mitu kapena akabwerekana chipeso. Kusamba sikuzichotsa. Mungamize mutu m'nyanja mpaka maso afiire, izo zili phee.

Za m'zovala ndi zina. Zimabisala m'misoko, ndipo zimabwera pakhungu kudzadya basi. Izi ndiye zimachuluka munthu akamalephera kuchapa ndi kusintha zovala, ndipo zimatha kufalitsa matenda. Madzi otentha ndi simbi zimathana nazo.

Zachitatu zimakhala m'tsitsi la kumalo obisika, ndipo zimayenda pakati pa akuluakulu. Izo kumjigo sitizitchula. Mukudziwa chifukwa chake.

Ndiye onani zomwe timachita. Manyazi oyenera kukambidwa pa mtundu wina timawasenzetsa mwana yemwe wangotsamira mnzake pabenchi.

Lachiwiri lomwelo ndinamukhazika Wezi wanga pakati pa miyendo n'kuyamba kupatula tsitsi. Kuseri kwa makutu, mina mbuu! Ndinaswa nsabwe pachikhadabo mpaka msana unandiwawa. Kodi anazitenga kwa Tadala? Kapena Tadala ndiye anazitenga kwa iye? Nsabwe ilibe chiphaso choti tione boma lomwe yachokera.

M'mawa mwake ndinanena kumjigo, mokweza: "Wezi wanga ali nazo. Onani mitu ya ana anu." Aliyense anayang'ana ndowa yake. Chitsulo cha mjigo chokha ndi chimene chinkalira.

Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. M'kalasi mwambiwu ndi woona ndithu: mukameta mwana mmodzi n'kusiya enawo, mwangomuchititsa manyazi, nsabwe zikadali pomwepo. Zimatha makolo onse akapesa ana awo sabata imodzi, n'kubwereza mina ikaswa.

Lachisanu anyaChirwa anatulukira kuseri kwa nyumba yanga, osati kumaso. "Amake Wezi, mundibwerekeko chipeso chija cha mano othinana. N'cha mwana wa mchemwali wanga, wabwera kudzacheza."

Ndinawapatsa. Sindinafunse kuti mlendoyo wafika liti.

Pamene ndikulemba, Tadala sanabwererebe kusukulu. Mayi ake amapita kukatunga madzi anthu onse atachoka. Chipeso ndinakubwerekani, anyaChirwa. Nanga mawu akuti pepani mukabwereka kwa yani?