Mizati ya mu Mgodi

Kwathu ndi kuseri kwa Nachisaka, kumene mapiri a Dowa amakumana ndi a Ntchisi. Mudzi wathu anthu amangoti pa Mgodi. Kalekale azungu anaboola phiri limene lili kumtunda kwa nyumba zathu, kufuna mwala wakuda, woterera, umene ankati amauika m'kati mwa pensulo. Anaitana anthu a m'maboma akutali, namanga sitolo ndi mizere ya tinyumba. Tsiku lina anangolongedza n'kuchoka. Anatisiyira mitengo ya mango, anthu osiyana malilime, ndi dzenje lolowa m'phirimo ngati una wa mbewa. Denga la dzenjelo linkagwiridwa ndi mizati ya muwanga, yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu.

Amayi anga anali oumba. Mbiya zawo ankazipaka dothi la mu mgodimo n'kuzikulungiza mpaka zizinyezimira zili bii, ndipo pamsika wa pa boma la Ntchisi sizinkagona. Nthawi ya chipani chimodzi pakhomo la mgodi pankakhala mlonda. Azimayi a timakasu ankawalola kulowa, koma mwamuna wonyamula nkhwangwa ankamubwezera patali.

Kenako kunabwera matipate. Mlonda uja anatola bulangete lake n'kubwerera kwawo, palibe anabweranso m'malo mwake. Zaka zomwezo alimi wambafe tinali titaloledwa kulima fodya wa bale, amene kale anali wa m'maesiteti mokha. Mudzi wonse unapenga naye. Koma fodya amafuna chigafa choyanikamo, chigafa chimafuna mitengo, ndipo mitengo ya m'mapiri mwathu maesiteti anali ataimaliza kale, kutatsala zitsa zokhazokha.

Anayambitsa ndi amalume. M'mawa wina ndinawaona akutsika phiri ndi amuna anga, atasenza mzati wakuda.

"Amalume, mtengo umenewo mwautenga kuti?"

"Iwe, ufulu wabwera," anatero. "Mwini wake anathawa kalekale. Ukufuna udyedwe ndi chiswe?"

"Ha! Chiswe chinayamba liti kudya muwanga?"

Anangoseka. Nzeru yawo inali ya pachigafa: ukazula mzati umodzi n'kusiya wotsatira, denga siligwa. Ankaiwala kuti pamwamba pa mgodi palibe udzu, pali phiri. Ndipo banja lililonse lobwera pambuyo linkachitanso chimodzimodzi, kuzula umodzi kusiya wina, pa yotsala yomweyo.

Mvula itayamba, phiri linayamba kuonetsa. Mileme imene inkakhala m'menemo inatuluka masanasana n'kukadzazana m'mitengo ya mango. Mbuzi ya aneba inathyoka mwendo mu mng'alu umene chaka chatha kunalibe. Amayi ankabwerako duku litanyowa, timiyala tili m'tsitsi.

Ndinakangana nawo kwambiri. Ine pakamwa ndine wakuthwa, ndinatengera iwo omwe.

"Amayi, musalowenso m'menemuja. Umbani mbiya zofiira ngati anzanu."

"Zofiira agule ndani? Ndisiye ntchito yanga, ndizitafuna fodya wanuyo? Ine ndinayamba kulowa m'menemo iwe usanabadwe."

"Nthawi imeneyo munali mizati!"

"Sindipita patali, mwanawe. Ndimangopala pafupi."

Linali bodza. Dothi labwino la pafupi linali litatha, ndipo ndinkadziwa. Ndikawaona akukwera phiri ndi dengu, ntchito m'manja inkandikanika.

Ndinatembenukira kwa amuna anga. Ndinawapempha, ndinawanyoza, ndinawakaniza madzi osamba. Iwo anali mkamwini pamudzi pathu, sakanatha kutsutsa amalume. Ankangoti, "Amake mwana, tikangogulitsa fodya tibweza yonse. Ndalumbira." Nanga phiri limadziwa za tsiku la okushoni?

Phirilo linagwa m'mawa, mvula itagwa mlungu wonse, fodya ali thothotho m'zigafa. Ndinali pakhonde ndikusoka masamba. Silinali phokoso lalikulu ayi. Pansi panangoti khuu, nkhuku zinabalalika, kenako zii. Ndinathamangira kunyumba kwa amayi. Dengu panalibe, kakhasu panalibe.

Pakhomo la mgodi tinapeza matope akuda atatseka mpaka pamwamba. Amuna a mudzi wonse anakumba ndi makasu, ena ndi manja. Akakumba pang'ono, dothi linkagumukanso n'kudzaza pomwepo. Ine ndinkangokuwa, "Amayi! Amayi inu!" mpaka mawu anandithera.

Amalume anaponya khasu pansi. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Kaphwasuleni zigafa."

Sindidzaiwala. Fodya amene anthu anamuvutikira chaka chonse anamukhuthulira m'matope, ana akumuponda. Mizati ija inakweranso phiri pamapewa a anthu omwe anaitsitsa. Ankakumba, n'kuimika mzati, n'kukumbanso, ndipo dothi linasiya kugumuka. Apo mtima wanga unayamba kuyembekeza, chitsiru ine. Ndinatuma wina akatereke madzi pamoto, kuti amayi akatuluka asambe ofunda.

Dzuwa litapendeka, amuna anga analowa chokwawa pa kabowo kamene anaboola. Tinadikira. Atatuluka anali bii thupi lonse, maso okha mbee. Anayenda molunjika kwa ine, nagwada ngati akulankhula ndi apongozi awo.

"Amake mwana," anatero, "pitani mukatulutse katundu m'nyumba mwa amayi. Muyale mphasa."